Filimu ya akazitape a pa boti la thanga ija: zimene amachita pa mchenga n'zoona?

Wa ku Bangula

Akuluakulu, ndithandizeni pa mkangano womwe wabuka kuno. Pali filimu yakale ya ku England, ya mu 1979, dzina lake The Riddle of the Sands, yomwe ikuyenda m'mafoni ndi m'mavidiyo sho. Ndi ya anyamata awiri a Chingerezi amene akuyenda pa kaboti ka thanga m'mphepete mwa nyanja ya ku Germany, n'kumafufuza chinsinsi cha asilikali a kumeneko. Oonera agawikana. Achinyamata akuti ndi yozizira, ola lonse latha palibe wamenya mnzake, anthu angokhalira kuyang'ana madzi ndi mapu. Koma madala owolotsa anthu pa Mtayamoyo ndi asodzi a m'dambo akuikonda kwabasi, ena abwereza kawiri.

Chimene tikukanganirana n'chakuti, kodi zimene zikuoneka mmenemo zimachitikadi? Boti lakhala pa mchenga, madzi onse athawa mpaka munthu kutsika n'kuyenda wapansi, kenaka madzi abwera okha popanda mvula, boti layandama. Ena akuti ndi matsenga a kamera. Nanga chingwe chokhala ndi chitsulo kunsonga chimene amaponya m'madzi chija n'chachiyani, poti ife timayeza ndi mphondo? Ndipo munthu angapalase m'nkhungu yoti sakuona ndi kutsogolo kwa boti lake komwe, n'kukafika pamene akufuna? Odziwa za madzi, tiuzeni.

Mlongoti wa ku Nsanje

Achimwene, si matsenga a kamera ayi. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo amene adafikako ku Beira angakuuzeni kuti madzi amathawa kutali, maboti n'kutsala atagona pa matope. Chimachititsa ndi mphamvu yokoka ya mwezi, dzuwa n'kumathandizira. Kuchoka pamene nyanja yadzaza kufika pamene idzadzazenso pamapita maola 12 ndi mphindi 25. N'chifukwa chake nthawi yake imasuntha: ngati lero yadzaza 8 koloko m'mawa, mawa idzadzaza cha m'ma 8:50. Shire sachita zimenezi chifukwa tili kutali ndi nyanja, ndiye n'zomveka kuti wobadwira kuno azikayika.

Malo a nkhaniyi ndi kuseri kwa zilumba zisanu ndi ziwiri za East Frisia, zomwe zandandalikana ngati mikanda: Borkum, Juist, Norderney, Baltrum, Langeoog, Spiekeroog ndi Wangerooge. Pakati pa zilumbazo ndi mtunda pali chigwa cha mchenga ndi matope. Nyanja ikadzaza chimakhala nyanja, ikaphwa chimakhala bwalo loti n'kuyendapo, mwangotsala timakwawa ta madzi. Cha ku Norderney kusiyana kwa madzi odzaza ndi akuphwa ndi pafupifupi mamita awiri ndi theka.

Tsono chimene madala anuwo akuchikonda, ngakhale filimu siyikuchifotokoza bwino, ndi masamu a nthawi. Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Amalinyero amagawa kukwera konseko m'magawo 12. Ola loyamba madzi amakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Titenge kuti kukwera konse ndi mamita 2.4, ndiye kuti gawo limodzi ndi masentimita 20. Ola loyamba likatha madzi akwera 20, lachiwiri afika 60, lachitatu 120, lachinayi 180, lachisanu 220, kenaka 240. Pophwa amatsika mwa dongosolo lomwelo.

Tiyerekeze kuti boti lanu limamira mita 1.2 m'madzi, ndipo mukufuna kudutsa pa mtumbira wa mchenga umene umatulukira masentimita 60 nyanja ikaphweratu. Mukufunika 60 kuti mchenga umire, kuonjezapo 120 ya boti, yakwana 180, ndipo munthu wanzeru amasiyako ina 20 yapadera, yonse 200. Ndiye kuti mungadutse patapita maola anayi ndi theka chiyambire kudzaza, ndipo khomo limenelo likhala lotsekula maola atatu okha. Mukachedwa, latsekeka. Wina amene akukuthamangitsani pa sitima yomira mamita awiri sangadutsepo n'komwe, azungulire kunja kwa zilumba. Apa ndiye pagona ukazitape wonse wa filimuyi.

Kutitimira pa mchenga kulinso pawiri. Mukagunda madzi akukwera, palibe vuto, ponyani nangula, wiritsani tiyi, pakapita mphindi 20 kapena 30 mwayandama. Mukagunda madzi akutsika, muli ndi mphindi zochepa kwambiri zoti mudzichotse, makamaka pa ola lachitatu ndi lachinayi pamene madzi amatsika sentimita imodzi pa mphindi iliyonse. Mukalephera, werengani motere: mwagunda patapita maola awiri nyanja itadzaza, mudzayandama kutatsala maola awiri kuti idzazenso, ndiye mudikira maola asanu ndi atatu ndi mphindi zina.

Tsoka lalikulu ndi kugunda pa nsonga penipeni pa madzi aakulu. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, nyanja imadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Masiku otsatira kudzazako kumacheperachepera. Boti lokwera pa mchenga tsiku loterolo likhoza kukhala pompo pafupifupi masabata awiri kudikira madzi aakulu ena. N'chifukwa chake woyendetsa wodziwa salowa m'khwawa lachilendo nyanja itadzaziratu. Amalowa kutatsala ola limodzi kapena awiri, kuti akalakwitsa madzi omwewo amunyamule.

Nkhafi ya ku Chiromo

A Mlongoti afotokoza bwino za nyanja. Ine ndiyankhe za chingwe, komanso ndichenjeze, chifukwa mnyamata wina akhoza kuonera filimuyi n'kuganiza kuti nzeru zonse za mmenemo zingagwire pa Shire.

Chakunsonga kwa chingwecho ndi mtovu wolemera pafupifupi makilogalamu atatu, wautali ngati chitsononkho chachikulu. Kunsi kwake kuli kadzenje komwe amamatamo mafuta ouma a ng'ombe. Ukagunda pansi umabwera ndi zimene wapeza: mchenga, matope, kapena tizigoba ta nkhono. Mapu a panyanja amalemba mtundu wa nthaka ya pansi pa malo aliwonse, ndiye munthu akaona kuti kuya ndi mamita anayi ndipo mafuta abwera ndi matope akuda, amadziwa khwawa lomwe alimo ngakhale usiku. Chingwe chimakhala ndi zizindikiro zosiyana kuti dzanja lizizindikira mumdima. Muyeso wake wakale ndi mikono yotambasula, mita 1.83 uliwonse. Pa muyeso wachiwiri amamanga tizikopa tiwiri, pa wachitatu titatu, pa wachisanu kansalu koyera, pa wachisanu ndi chiwiri kofiira, pa wakhumi chikopa chobowola. Oyenda m'madzi osaya amaonjeza mfundo zawozawo pafupipafupi.

Kaponyedwe kake n'kofunika. Mumaima chakutsogolo, n'kuponya mtovu patsogolo pa boti, osati pambali. Pamene boti likufika pamwamba pa mtovuwo chingwe chimakhala chitaima chilili, ndipo mumawerenga nthawi imeneyo. Mukaponya pafupi, boti limapitirira, chingwe chimapendekeka, chimakuuzani mamita atatu pamene pali awiri. Ambiri amagunda mchenga chifukwa cha bodza limeneli.

Mphondo yathu imaposa mtovu pa madzi osafika mamita atatu. Ndi yachangu, ndipo imakuuzani kulimba kwa pansi nthawi yomweyo: mchenga umalira khereche m'manja, matope amayamwa nsungwi. Kupitirira apo nsungwi yatha, mtovu ndiye mwini ntchito. Amene amawolotsa katundu wolemera angachite bwino kulemba mphondo yawo ndi penti kapena kumanga malamba a chubu pa theka la mita lililonse, poyambira ndi chizindikiro cha mmene bwato limamirira likadzaza.

Kuchotsa boti pa mchenga, ndondomeko yake ndi imodzi kuno ndi uko. Choyamba chotsani mphamvu imene ikukukankhirani pa mchenga: tsitsani thanga, kapena zimitsani injini. Injini ikamalira pa mchenga imayamwa mchengawo, kamphira kopopa madzi oziziritsa kamadyeka, injini n'kutentha. Kenaka yezani mbali zonse kuti mudziwe kwakuya. Nthawi zambiri njira yotulukira ndi yomwe munalowera. Anthu ndi katundu asunthire kumene kukuyandama. Zikakanika, tengani nangula wamng'ono pa kabwato, mukamuponye kwakuya, mamita 20 kapena 30, n'kumakoka chingwe muli m'boti. Chingwe chiziyenda ndi kabwatoko n'kumatsitsidwa pang'onopang'ono. Mukachisiya m'boti lalikulu kuti muzichikoka popalasa, madzi amachipinda ngati uta ndipo simufika patali. Boti la msana wakuthwa amalipendeketsanso kuti msanawo unyamuke. La m'filimu linali losavutirapo, chifukwa lili ndi chitsulo chafulati chotsitsa ndi kukweza kupyola pansi pake. Chikakhudza mchenga ndiye belu lochenjeza, mumachikweza n'kubwerera.

Kusiyana kwake n'kumeneku. Kunyanja nthawi ndi bwenzi lanu, mukadikira madzi abwera. Pa Shire nthawi ndi mdani. Madzi oyenda amakumba mchenga mbali imodzi ya boti n'kuuunjika mbali inayo, ndipo boti likapingasa mtsinje limadzikwirira lokha. Ngati n'chilimwe, mtsinje ukutsika, palibe chobwera kudzakunyamulani. Za kutsika m'madzi n'kukankha, ku Germany aziopa kuzizira kokha, kuno kuli ng'ona ndi mvuu. Kankhani ndi mphondo muli m'kati.

Zimenezi si zachilendo pa mtsinje uno. Sitima ya Livingstone yotchedwa Pioneer, yomwe idabweretsa Bishopu Mackenzie mu 1861, inkamira pafupifupi mita ndi theka, ndipo ulendo wake pa Shire udali wa kukoka ndi anangula mtumbira ndi mtumbira. Pobwerera kumapeto kwa chaka chomwecho idakhala pa mchenga kumunsi kwa mudzi wa Chibisa masabata asanu, kudikira kuti mvula ikweze mtsinje. Sitima zamalonda zimene zidadzayenda pambuyo pake pakati pa Chinde, Port Herald (Nsanje ya lero) ndi Chiromo zidali zafulati kunsi, gudumu lopalasira lili kumbuyo, chifukwa cha phunziro lomweli.

Mapu nawonso kuno sakhalitsa. Ruo akasefukira amabwera ndi mchenga wa ku Mulanje ndi Thyolo n'kuutaya pamene wafuna. Chichitikire madzi a mu 2015, kenaka namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, njira zambiri za madzi cha ku Makhanga si zomwe zidalipo kale. Choncho mapu athu ndi maso: kwakuya kumakhala kunja kwa khona, kumene gombe ladulidwa chiriri, m'kati mwa khona ndi mchenga. Madzi osalala, akuda, oyenda mwakachetechete ndi akuya. Timafunde tating'ono tonyezimira pamalo amodzi ndi mchenga uli pafupi. Namasupuni woyandama amatsata mkondo wa madzi amphamvu, ndipo pamene waima mulu pakati pa mtsinje, china chamugwira pansi.

Mayi a ku Ngabu

Abambo awiriwa ayankha za madzi. Ine ndikufuna ndiwayankhulireko achinyamata aja, chifukwa sakulakwa kotheratu.

Filimuyi idachokera m'buku la Erskine Childers la mu 1903, ndipo bukulo lili ndi mapu amene wowerenga amabwererako tsamba ndi tsamba. Masamu onse amene a Mlongoti alemba pamwambapa, m'buku alimo. Filimu ilibe mpata umenewo. Imakuonetsani Davies, mwini boti uja, amene akuseweredwa ndi Simon MacCorkindale, akuyang'ana wotchi nkhope ili gwaa, koma siyikuuzani kuti akuopa chiyani. Wodziwa madzi mtima umagunda. Wosadziwa akungoona mzungu akuyang'ana wotchi. Limenelo ndi vuto la filimu, si la woonera.

Chachiwiri, nkhani ya chikondi ndi yopyapyala. Jenny Agutter ndi katswiri, koma Clara, mtsikana amene iye akumusewera, yemwe Davies wamukonda, wapatsidwa zochita zochepa, ndipo woonera sakhulupirira msanga kuti mnyamata angaike moyo pachiswe chifukwa cha macheza owerengeka amenewo. Bambo ake a Clara, Dollmann, ndiye munthu wokoma kumutsata: adali msilikali wa pamadzi wa ku Britain, n'kusintha dzina, n'kumagwirira ntchito Ajeremani. Njira yomwe adafuna kuphera Davies ndi imene madala a pa Mtayamoyo akuimvetsa msanga. Sadatulutse mfuti. Adangoti nditsateni, ndikudziwa njira yachidule, n'kumulowetsa pakati pa mitumbira nyengo itaipa, iye n'kuthamanga kumusiya. Kwa munthu wa pamadzi palibe chiwembu choposa chimenecho, chifukwa wotsogolera njira amamukhulupirira ngati mzamba.

Chimene filimuyi idachita bwino kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi ubwenzi wa anyamata awiriwo. Carruthers, yemwe ndi Michael York, ndi bwana wa mu ofesi ya zakunja ku London. Waitanidwa kukasaka abakha pa boti, wabwera ndi zovala zoyera ndi chikwama chachikulu, akuyembekeza antchito ndi chipinda chake. Akupeza Dulcibella, boti lakale lopulumutsira anthu lomwe adangolikonza, lotalika mamita asanu ndi anayi okha, denga logunditsa mutu, chilichonse chonyowa. Davies naye ndi wosadziwa kuyankhula ndi anthu, koma akagwira chiwongolero ndi mfumu. Wina ali ndi Chijeremani ndi ulemu wa pa tebulo, wina ali ndi madzi. Aliyense payekha sakadatha. Kusintha kwa Carruthers, kuchoka pa kunyansidwa mpaka kuzolowera moyo wa m'boti, kumayenda pang'onopang'ono monga zimakhalira pa anthu enieni. Zithunzi za wojambula filimuyi, Christopher Challis, nazo n'zogwira mtima: thambo lotuwa, mchenga wonyezimira wopanda malire, kaboti kali kokhakokha.

Chinsinsi chenichenicho chimafuna kuti woonera adziwe mbiri pang'ono. Nkhani ikuchitika mu 1901, pamene Germany ya Kaiser Wilhelm II inkamanga sitima zankhondo kupikisana ndi Britain. Angerezi ankayang'anira madoko akuluakulu. Funso la nkhaniyi n'lakuti, bwanji adani atabisa zombo zambirimbiri zafulati m'timadoko ta m'midzi kuseri kwa zilumba, komwe palibe amene amakuwerengera chifukwa madzi ake ndi osaya, n'kuzitulutsa usiku umodzi pa madzi aakulu, zitadzaza asilikali, sitima zazing'ono zikuzikoka kupita ku gombe la kum'mawa kwa England? Childers ankawadziwa madzi amenewo, adayendamo iye mwini pa boti lake mu 1897. Moyo wake udapitirira nthano: mu July 1914 adatsitsa mfuti 900 pa doko la Howth ku Ireland kuchokera m'boti lake la thanga, Asgard, ndipo mu November 1922 adaphedwa ndi boma latsopano la Ireland pa nkhondo yapachiweniweni. Mwana wake adadzakhala pulezidenti wa dzikolo mu 1973.

Kwa eni mavidiyo sho ndi omasulira mafilimu m'Chichewa, malangizo anga ndi awa. Musanayambe, tengani mphindi zitatu kufotokoza kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, ngakhale ndi beseni ndi mulu wa mchenga. Pomasulira musamangoti madzi achepa. Nenani kuti kwatsala ola limodzi khomo litsekeke. Ndipo musadzaze nthabwala pa malo achete, chifukwa chetecho ndiye mantha ake. Pa zenera la foni filimuyi imafa, mtunda wa mchenga uja suoneka. Imafuna sikirini yaikulu ndi chipinda chamdima.

Mlongoti wa ku Nsanje

Mayi mwanena zoona, filimu idasiya masamu m'buku. Ndibwerere ku funso la nkhungu, poti silinayankhidwe.

N'zotheka, ndipo zida zake ndi zinayi: kampasi, wotchi, choyezera kuya, ndi mapu okhala ndi nthawi za madzi. M'bukumo anyamatawa amapalasa kabwato kuchoka ku Norderney kupita pa kachilumba ka Memmert, mtunda woposa makilomita 15, wina akupalasa, wina akuwongolera ndi kuyeza. Ntchito imayamba musananyamuke. Ulendo mumaudula m'zigawo, chigawo chilichonse n'kulemba mbali ya kampasi, kutalika kwake, ndi mphindi zomwe chidye. Ngati mumapalasa makilomita anayi pa ola, chigawo cha kilomita imodzi ndi mphindi 15. Wopalasa asasinthe liwiro, apo ayi wotchi yasanduka yabodza.

Chovuta ndi madzi oyenda chopingasa. Mukupalasa makilomita anayi pa ola, madzi akukukokerani kumbali makilomita awiri pa ola. Pa theka la ola mwapita kutsogolo makilomita awiri, koma mwaseseredwa kilomita yathunthu. Kuti muyende mowongoka muyenera kuloza mphuno ya bwato madigiri 30 chokwera madzi, ndipo liwiro lanu lenileni litsika kufika pa makilomita atatu ndi theka. Aliyense wowolotsa pa Shire amachita zimenezi tsiku ndi tsiku osawerenga madigiri, kungoti iye amaona tsidya. M'nkhungu tsidya mulibe, ndiye nambala zimalowa m'malo mwa maso.

Kampasi yokha siyikwanira. Kulakwitsa madigiri asanu okha pa makilomita 10 kumakutayani pafupifupi mamita 900. Ndipo kulakwitsa kotero n'kosavuta: chikwanje, nangula, injini, wailesi kapena foni zikakhala pafupi zimakoka singano. Ziikeni kutali, mita imodzi kapena kuposa. Chimene chimakonza zolakwazo ndi kuyeza pansi, ndipo luso lake n'ili: musayende pakati pa khwawa. Pakati, madzi akayamba kuchepa simudziwa ngati kwakuya kuli kumanja kapena kumanzere. Sankhani gombe limodzi, tinene lakumanja, n'kumalitsata pa kuya kumodzi, monga mita imodzi. Akachepa, khoterani kumanzere. Akachuluka, bwererani kumanja. Mukuyenda ngati wakhungu wogwira khoma. Kumeneko amazikanso timitengo m'mphepete mwa makwawa, ndipo mukakapeza kamodzi mumadziwa kuti muli pa mzere.

Pali msampha wina kuseri kwa chilumba chilichonse. Madzi odzaza amalowera mbali zonse ziwiri za chilumba n'kukakumana pakati, ndipo pokumanirapo ndi pamene pali posaya kwambiri, ngati msana wa ng'ombe. Muyenera kufikapo nyanja ili pafupi kudzaza. Mukafika bwino, madzi okwera amakukankhani mpaka pamsanapo, ndipo akayamba kuphwa amakutsitsirani mbali inayo. Mwakwera ulere kawiri. Mukaphonya ndi ola limodzi, mupalasa molimbana ndi madzi kapena mukoka bwato pa matope.

A Nkhafi, pa mfundo ya kudikira ndionjezepo chimodzi. Ngakhale kunyanja kudikira kuli ndi ntchito yake. Boti likamakhala pansi m'mbali mwa khwawa, ligonetseni choyang'ana kumtunda kwa mchenga posunthira katundu mbali imeneyo. Likagonera kwakuya, madzi obwerera amalowa m'kati lisanadzuke. Nangula naye apite kumene kukuchokera mphepo madzi asanabwere, ndi chingwe chotalika kasanu kuya kwa madzi odzaza, osati a nthawi imene mukuponyayo. Pa mamita anayi, chingwe mamita 20.

Wa ku Bangula

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndi inu mayi. Ndawawerengera anzanga, mkangano wa matsenga watha. Kwatsala kamodzi: akufunsa kuti boti lopanda injini limayenda bwanji kulowera komwe mphepo ikuchokera, ndipo bwanji sitimangira thanga mabwato athu kuti tizikwera Shire osatopa?

Nkhafi ya ku Chiromo

Sililowera mphepo maso ndi maso, mwana wa kwathu. Limayenda chopendekera. Thanga likakokedwa pafupi ndi pakati pa boti limagwira ntchito ngati phiko la mbalame, mphepo imalikokera chakumbali ndi chakutsogolo pang'ono. Chitsulo chapansi chija chimakana kuti boti liseserekere kumbali, ndiye chotsala ndi kupita kutsogolo. Maboti amakono amafika madigiri 45 kuchoka komwe kukuchokera mphepo. Akale ngati Dulcibella, 55 kapena 60. Ndiye amayenda mokhotakhota, uku kenaka uko. Pa madigiri 60, kuti mupite kilomita imodzi kumene mukufuna mumayenda makilomita awiri. M'khwawa lopapatiza mumatembenuka mphindi ziwiri zilizonse, wina ali pa mtovu, ndipo mukakweza chitsulo chifukwa cha mchenga boti limayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu.

Bwato lathu losema, kaya la mtondo kaya la nsangu, lilibe msana wotero, ndipo ndi lopapatiza, lozungulira kunsi. Thanga lingaligwirire ntchito pokhapokha mphepo ikuchokera kumbuyo. Mwayi ulipo ndithu, chifukwa Shire amatsikira kummwera pamene mwera wa miyezi yozizira umawomba chokwera mtsinje. Koma mphepo yolimbana ndi madzi oyenda imautsa mafunde aafupi, oimirira, amene amalowa m'bwato lodzaza. Pa khona mtsinje ukatembenuka, mphepo yomwe inali kumbuyo imabwera m'mbali, ndipo pamenepo ndi pomwe bwato limagubuduka. M'dambo namo bango limatchinga mphepo pansi n'kuisiya ikuwomba pamwamba, ndiye imabwera mwa mabefu.

Wofuna kuyesa ayambe ndi kathanga kosapitirira mita imodzi ndi theka mbali zonse, pa mlongoti waufupi woimikidwa chakutsogolo, katundu wolemera ali pansi penipeni, anthu atakhala pansi. Chingwe cha thanga chikhale m'manja, osachimanga mfundo, kuti mphepo ikakula mungochitaya. Nkhafi ikhale m'madzi kumbuyo ngati chiwongolero. Ayesere pa madzi osaya, odziwika, opanda mvuu, ali ndi jekete yoyandamitsa, ndipo asanyamule apaulendo kufikira atadziwa mmene bwato lakelo limachitira mphepo ikabwera m'mbali.